Mapu a Malo Amene Madzi Sanagonepo

Moni kwa inu amene mwatsegula tsamba lino, kaya muli pamthunzi, kaya pabenchi la chipatala, kaya m'basi yodikira kudzaza. Ndiyambe ndi kuyamika Mulungu amene anandisunga m'misewu yonse imene ndinayendamo, ndiyamikenso inu pondibwereka makutu anu. Dzina langa silikuthandizani kanthu. Mayina a matauni nawo anasungunuka m'mutu mwanga. Ndikawakumbukira amabwera ngati maloto a masana: chipinda chimodzimodzi, zenera limodzi, kompyuta pathebulo, koma anthu osiyana.

Ndinali mtsikana pamene ndinayamba ntchito kwa Mayi Nasimango, katswiri wa za madzi, pa malo ena ofufuzira amene anali kumapeto kwa msewu wa miyala. Moyo wawo wonse anautha akusonkhanitsa zithunzi za chigwa cha kwawo, zojambulidwa ndi satelayiti, diso lija loyenda kumwamba. Sizinali zithunzi zoti munthu n'kupachika pakhoma. Zinali manambala okhaokha, onse m'fayilo imodzi.

"Ganiza mphasa, mwananga," anandiuza nditangofika. "Mphasa imodzi ndi tsiku limodzi. Uiyale pa chigwa chonse. Paliponse pamene ulusi wadutsa bango pali nambala yonena zimene diso linaona pamalo amenewo. Tsopano sanjikiza mphasa ya lero pa ya dzulo, ubwerere choncho mpaka ku utsikana wanga. Mulu umenewo ndiye fayilo yathu."

Pamalopo panali kompyuta yaitali ngati kabati, yokhala m'chipinda chozizira, imene inkanyamula mulu wonsewo osadandaula. Kenaka ntchito inatha. Amene anabweretsa makinawo anabwera ndi lole n'kuwatenga. Mayi Nasimango anatsala ndi kalaputopu kakale, disiki imodzi yokwana m'dzanja momwe munali fayilo ija, ndi matenda a miyendo amene anawabwezera kumudzi.

Chaka chomwecho mtsinje unasefukira n'kukokolola mudzi wawo, nyumba, sukulu ndi tchalitchi chomwe. Anthu anapulumukira pa zulu ndi m'mitengo, nakhala m'misasa ya udzu. Mtima utabwerera m'malo, mpingo wonse unaumba njerwa n'kuotcha mauvuni akuluakulu. Koma amange pati? Mayi Nasimango anawapempha kuti asakumbe maziko mpaka iwo atawaonetsa malo amene madzi sanagonepo. Anthu analonjeza. Ndipo mayiwo anandiitanitsa.

"Yankho lili umu," anatero akukulunga disiki m'kansalu. "Pamalo aliwonse uwerenge kuti madzi anagonapo kangati. Ukapeze makina aakulu, undibweretsere mapu. Ine miyendo yakana."

"Nanga ndikakapeza kuti makina otero kulibe, Mayi?"

"Ukawapeza. Koma usazengereze. Munthu wogona mumsasa njerwa zake akuziona sapirira mpaka kalekale."

Ndinamanga kansaluko m'chiuno, mkati mwa chitenje, n'kunyamuka.

Ndinafika kaye m'tauni ya fumbi, momwe munali msika waukulu ndi mphepo yosatha. Ndinapeza ntchito yotaipa m'kasitolo ka Bambo Chimpeni, amene ankasindikiza makhadi a ukwati ndi mapologalamu a maliro. Anali munthu wonenepa, wa nthabwala, ndipo kompyuta yake ankaitcha mwana wake. Nditamufotokozera za ulendo wanga, anakankha mpando.

"Ikani apa tione, asisi. Mwana uyu amatsegula makanema a maukwati a anthu olemera. Ndiye angagonje ndi manambala?"

Ndinalumikiza disiki n'kulamula makina kuti awerenge fayilo yonse, monga tinkachitira ndi makina aakulu aja. Kamphepo ka m'kati kanayamba kulira. Kamuvi ka pagalasi kanatsimphina, kenaka kanaima. Tinadikira mpaka chithunzithunzi cha chitseko chinasuntha pansi. Palibe chinachitika.

"Asisi," anatero Bambo Chimpeni akupukuta thukuta, "inu mwabweretsa mvuu kuti isambe m'beseni."

Tinazimitsa makinawo pakhoma. Pologalamu ya maliro imene iye anali asanaisunge inapita nazo. Ndinagwada kupepesa, koma anangoti, "Dzukani, nyimbo za maliro ndinazisunga pamtima. Ndaika anthu ambiri ine." Anazilembanso zonse akuimba chapansipansi, anamfedwa akudikira pakhonde.

Ndinakhala m'tauniyo nyengo ndithu, ndikuyesa makina a uyu ndi a uyo. Onse ankafa imfa imodzi. Tsiku lina foni inalira. Anali Bambo Kalinde, mkulu wa mpingo wa kuchigwa, amene ankatsogolera ntchito yomanga.

"Achemwali, muli kuti? Kuno pa mauvuni pamera udzu."

Ndinamva kuti kuphiri kuli makina aakulu, ndipo ndinatsanzika.

Tauni yachiwiri inali ya nkhungu. Anthu ake ankayenda atapinda manja, ndipo belu la koleji linkamveka ngati likuchokera pansi pa madzi. Kumeneko ndinalembedwa ntchito yolowetsa manambala kwa Dokotala Kamwaza, mayi wamtali wofufuza za udzudzu, amene ankayankhula mofulumira ngati akuthamangitsidwa. Chipinda chake chinali ndi zenera limodzi.

"Ikani apa tione," anatero. Ataona kukula kwa fayiloyo anaseka. "Munkafuna kuisenza yonse? Achemwali, disiki ndi nkhokwe, koma memole ndi manja a makina. Nkhokwe ingakule bwanji, manja ndi omwewo. Ngakhale makina angawa sangaikumbatire. Kuvundukula nkhokwe si kuisenza. Tsegulani fayilo, musakhudze kanthu, kenaka muziitanitsa kagawo kamene manja angakwanitse."

Anandionetsa mmene amauzira makina kuti atenge kuyambira apa kulekeza apo. Ndinaona kagawo koyamba kakutuluka pagalasi mofatsa, makina osalira n'komwe, ndipo ndinatsala pang'ono kuimba. Iye anapita kunyanja kukatchera udzudzu wake, nandisiyira makiyi.

Ndinaganiza motere: funso langa ndi la malo, choncho nditenge malo amodzi, ndiwatsate m'masiku onse, ndimalize, nditenge ena. Ndinayamba ku ngodya ya kumpoto. Makina sanafe, koma ankayenda ngati nkhono. Nkhungu inkabwera n'kupita. Mitengo ya pakoleji inayoyola masamba. Ine ndinali ndikadali ku ngodya ya kumpoto. Disiki inkatentha ngati mbatata yootcha, ndipo tsiku lina inayamba kulira kamawu kakang'ono, tiki, tiki, ngati nyenje ili m'bokosi.

Dokotala Kamwaza atabwerako anamvetsera kamawuko, nkhope n'kugwa.

"Mwadula mopingasa," anatero. "Fayiloyi inasanjidwa tsiku ndi tsiku. Kuti makina akupatseni kabango kamodzi, akuyalula mphasa yonse, kuipinda, kuyalula ina, mpaka pansi pa mulu. Mukafuna kabango kotsatira, ayambirenso pamwamba. Mwaiyendetsa disikiyi ulendo umodzimodzi mpaka yatupa mapazi. Nsungwi imang'ambika motsata msempha wake. Fayilo iliyonse imanena kumutu kwake mmene inasanjidwira. Muziifunsa kaye."

"Ndiye yafa, Dokotala?"

"Sinafe, koma yatsala ndi maulendo ochepa. Musawamwaze."

Tinafunafuna disiki ina yokoperapo, koma pakoleji ponse panalibe yokwana. Tisanayambenso, ophunzira anakangana ndi akuluakulu awo, koleji inatsekedwa, ndipo pachitseko cha chipinda chija anaikapo loko wamkulu. Bambo Kalinde anaimbanso.

"Achemwali, amayi ayamba kusolola njerwa zopangira mafuwa. Ine ndiwaletse ndi mawu ati?"

Ndinatsika phiri ndi kansalu kanga.

Za misewu ya pakatipo sindikumbukira bwino. Ndikukumbukira midzi ya fodya, midzi ya thonje, mabwalo a sukulu opanda magetsi, anthu ondipatsa madzi osafunsa dzina langa. Ndinaphunzitsa ana, ndinalemba makalata a odwala, ndinagona m'nyumba za amayi a Mvano. Paliponse ndinkaika disiki pansi pa mutu pogona, ndipo ndinkaipempherera monga amapempherera wodwala.

Tauni yachitatu inali ya njanji, yotentha, momwe sitima inkadutsa osaima. Munali chipatala cha mishoni, ndipo makina ake ankasamala ndi Bambo Nthala, munthu wofatsa amenenso ankaphunzitsa kwaya. Kompyuta yake inali yaing'ono kuposa zonse zimene ndinaziona.

"Ikani apa tione," anatero, "koma masana okha, odwala akachepa. Ndipo magetsi a kuno ndi mlendo, satsanzika."

Tsopano ndinadula motsata msempha: mphasa imodzi, kenaka ina. Zinkathamanga bwino. Koma pofika chapakati pa zaka zoyambirira makina anayamba kupuma movutika, naima. Ndinayesanso, anaimanso pamalo omwewo. Disiki inkati tiki, tiki. Maulendo awiri anali atapita pachabe, ndipo ndinaopa kuyesa kachitatu.

Lamulungu lake abusa analalikira za mana a m'chipululu, chakudya chija chimene ana a Israyeli ankatola m'mawa uliwonse, chokwana tsiku limenelo basi, ndipo amene ankasungako cha mawa ankachipeza chitagwa mphutsi. Ndili pabenchi pomwepo, ndinazindikira cholakwa changa. Ine ndinkatola mphasa imodziimodzi ndithu, koma sindinkatula. Iliyonse ndikaiwerenga ndinkauza makina kuti aigwirebe, kuti tidzaphatikize zonse pamapeto. Manja ankadzaza pang'onopang'ono mpaka kulephera.

Titaweruka ndinathamangira Bambo Nthala asanavule mkanjo wa kwaya.

"Ndikufuna mphasa imodzi yokha yopanda kanthu, yowerengerapo," ndinatero. "Ndikatenga ya tsiku, pomwe pali madzi ndiwonjezere chimodzi pa yowerengerayo, ya tsikuyo ndiitaye, nditenge ina."

"Ndiye kuti m'manja muzikhala ziwiri zokha," anavomera. "Koma onjezanipo ichi. Mukamaliza nyengo iliyonse, lembani yowerengerayo pa disiki ya makina, mulembenso pamene mwafika, fayiloyo muitseke. Magetsi akathima fayilo ili chitsegukire, imatha kuonongeka yonse. Mukatseka, tidzayambira pomwe tinalekeza."

Ngakhale mphasa ziwirizo zinkawapanikiza makina aang'ono aja. Ndiye ndinapeza nzeru ina ndekha, ndipo ndinakondwa nayo. Nambala iliyonse m'fayilomo inkadya malo ambiri. Ine ndinkangofuna kudziwa ngati pali madzi. Choncho ndinauza makina kuti poiwerenga aziifinya ikhale inde kapena ayi: pali madzi, inde, china chilichonse, ayi. Mphasa zinapepuka ngati tsamba.

Magetsi anathima kambirimbiri, ndipo nthawi zonse tinkapitiriza pomwe tinasiyira. Tsiku lina masana makina anangoti zii. Anali atamaliza. Pagalasi panaoneka chigwa chonse, malo a madzi akuda, malo ouma oyera. M'mbali mwa msewu, patsinde pa phiri, panali dera lalikulu loyera mbee. Bambo Nthala anayambitsa nyimbo yoyamika, anamwino awiri n'kulowa kudzathira mang'ombe osadziwa n'komwe chimene tikuyamikira. Chimwemwe chinandikulira. Ndinaimbira Bambo Kalinde pomwepo.

"Pamsewu, bambo! Pamsewu mpouma!"

"Aleluya!" anakuwa. "Pafupi ndi mjigo pomwe! Mawa tigwira makasu."

Pamene ndinkafika kuchigwa, maenje a maziko anali atandandalika m'mbali mwa msewu, zingwe zitakokedwa, anthu akuimba pokumba. Mayi Nasimango ndinawapeza pakhonde la msasa wawo, miyendo itatupa, tsitsi lonse litayera. Anandigwira kumaso ndi manja awiri.

"Wakula, mwananga. Ndinakutuma uli mtsikana."

Ndinawayalira mapu pamiyendo. Anawayang'ana nthawi yaitali, chala chikuyenda pang'onopang'ono mpaka chinaima pa dera loyera lija.

"Masiku a mitambo unawaika kuti?"

"Mitambo, Mayi?"

"Fayilo ija imayankhula mawu atatu. Imati madzi, imati pouma, imatinso sindinaone. Diso la kumwamba silipenya kudutsa mitambo. Patsinde pa phiri apa mitambo imagona dzinja lonse. Tsiku limene madzi adzaza ndi tsiku lomwelo limene diso latsekedwa. Mawu achitatuwo unawatani?"

"Ndinawafinya, Mayi. Kuti zikwane m'manja mwa makina. Chimene sichinali madzi ndinachiyesa pouma."

Sanandikalipire. Anangopuma mozama. "Ndiye kuti kuyera uku si kuuma. Mwina mpouma, mwina ayi. Wafunsa mboni imene inali itatsinzina. Zina zonse unachita bwino. Njira waipeza. Tingofunika mphasa zowerengera ziwiri: ina yonena kuti malo awa tinawaona kangati m'dzinja, ina yonena kuti tinapezapo madzi kangati. Kanditengere kalaputopu kanga m'sutikesimo. Ukaitanenso a Kalinde."

Bambo Kalinde anabwera ndi dothi m'mawondo, khasu lili paphewa. Atamva, analiponya pansi.

"Mayi, ndimakulemekezani. Koma anthu awa adikira mpaka ana obadwira m'misasa ayamba sukulu. Dzulo mwati pamsewu, lero mukuti musakumbe. Kodi ifeyo ndi mbuzi zomangosunthidwa chikhomo?"

"Amene anati pamsewu ndine, bambo," ndinatero. "Ndinafulumira."

"Achemwali, inu mukagona m'nyumba ya malata. Mvula ikununkha kale iyi."

"Tipatseni masiku ochepa, a Kalinde," anatero Mayi Nasimango. "Njerwa musayale. Mukayala, simudzafumulanso, ndikukudziwani."

Anatola khasu lake. "Amisiri akubwera Sabata ikatha. Akafika, ine ndiyala, mapu kaya palibe mapu."

Kalaputopu kaja kanali kokalamba, mabatani ena atafufutika, manja ake aang'ono kuposa a makina a kuchipatala. Mphasa yathunthu ya mawu atatu sikanaikwanitsa. Tinaidula m'mizere, kumpoto mpaka kumwera, mzere umodzi m'manja, kuwerenga, kutula, kutenga wina, osachoka pa tsikulo mpaka litatha. Moto tinkatenga ku sola ya mpingo, choncho tinkagwira ntchito dzuwa likakwera, n'kutseka fayilo likapendeka. Disiki tinaiika pa chivundikiro cha mtsuko wa madzi kuti izizizira. Inkati tiki, tiki, kenaka n'kukhala chete mpaka mtima wanga kuima, kenaka n'kuyambanso. Mayi Nasimango ankaiyang'ana ngati mnzawo wa m'chipinda chimodzi cha odwala.

"Limba, nkhalamba inzanga," ankaiuza. "Tatsala pang'ono tonse."

Sinafike kumapeto. Masana ena inalira kawiri mokweza, n'kuleka. Tinaizula, tinailumikizanso, tinaipemerera. Inali itapita, pamodzi ndi zithunzi zonse za moyo wa mayi aja. Ndinalira ngati pamaliro. Iwo anangotseka maso kanthawi, milomo ikuyenda.

"Unatseka fayilo nyengo yathayi?" anafunsa.

"Ndinatseka, Mayi."

"Ndiye tsegula tione chimene yatisiyira."

Zaka zomalizira zinali zitapita, koma zambiri zinali zitawerengedwa ndi kulembedwa pa kalaputopu. Tinaika mphasa ziwirizo pamodzi. Pamsewu paja diso linali litapaona mwa apo ndi apo m'dzinja, ndipo mwa maulendo ochepawo, ambiri linapeza madzi. Koma chakum'mawa kunali mtunda wa miyala, kodyera mbuzi, kumene palibe ankakufuna. Kumeneko diso linaona kawirikawiri, dzinja ndi dzinja, ngakhale m'zaka za chigumula, ndipo silinapezeko madzi ndi kamodzi komwe.

Anthu anasonkhana pansi pa mtengo, amisiri atafika kale ndi zipangizo zawo. Mayi Nasimango anawanyamula pampando.

"Sindikunena kuti pamsewu padzasefukira chaka chino," anatero. "Za mawa adziwa ndi Mwini. Ndikunena kuti pamsewu sitinapaone mokwanira, ndipo pamene tinapaona panali madzi. Kumtunda tinakuona, ndipo nkouma. Zimene ndili nazo ndi zimenezi. Zina ndilibe, ndipo sindidzakhala nazonso."

Panali kung'ung'udza. Bambo Kalinde anakanda m'mutu.

"Kumtunda n'kutali ndi mjigo. Maziko ake ndi a pamwala, makasu akathera komweko. Nanga maenje takumbawa? Nanga amayi azikatunga kuti madzi?"

Mkazi wake, amene anataya mlongo wake m'chigumula chija, anaimirira kumbuyo.

"Abambo, musatinamizire ife. Bola ine ndizitsata madzi ndi ndowa kusiyana ndi kuti madzi azinditsata kuchipinda."

Amayi anaombera m'manja. Bambo Kalinde anayang'ana mkazi wake, anayang'ana maenje ake, kenaka anatembenukira kwa amisiri.

"Mwamva. Zulani zingwe."

Anamanga kumtunda, akudandaula ndi miyala, akunola makasu tsiku ndi tsiku. Nyumba yoyamba kufoleredwa anaipereka kwa Mayi Nasimango, ndipo ndinakhala nawo momwemo kuwasamala. Dzinja loyamba mvula inali yochepa, pamsewu panangochita matope, ndipo ena ankatiseka podutsa. Bambo Kalinde sankandipatsa moni wokwanira. Dzinja lachiwiri Mayi Nasimango anali atagona kale m'manda a pamtunda pomwepo, ndipo mvula inagwa masiku otsatizana, phiri osaoneka.

Kutacha tsiku limene mitambo inang'ambika, mudzi wonse unaima m'mphepete mwa mtunda kuyang'ana kumunsi. Msewu kunalibe. Mjigo unkangooneka mutu. Pamene panali maenje a maziko panali nyanja yofiira, ikuyenda mwakachetechete, itanyamula mitengo. Amayi ena ankawerenga ana awo ndi maso, ndipo onse analipo.

Bambo Kalinde anafika pambali panga, atafunda thumba kumutu. Anayang'ana nthawi yaitali malo amene anafuna kuikapo chipinda chake chogona.

"Achemwali," anatero potsiriza, "paja ndinakumba bwino. Taonani damu lake. Madzi akaphwera mubwere ndi dengu, tikagwire milamba kuchipinda kwanga."

Anaseka, ndipo kuseka kuja kunasanduka kulira, nandigwira dzanja osalisiya.

Inu amene mwayenda nane mpaka pano, Ambuye akudalitseni. Katundu amene wakukulirani akupatseni muyeso wokwana manja anu, wa lero lokha, ndipo akuphunzitseni kutula musanatole wina. Pamene simunaone, akupatseni kulimba mtima koti munene kuti simunaone. Ndipo madzi akadzakwera, akupezeni inu ndi ana anu muli pouma. Amen.